Za tiyi wotsuka chiwindi uja, achemwali mverani kaye

Achemwali amene mwafunsa kuti ndi tiyi uti wazitsamba amene angatsuke chiwindi ndi kuchotsa makemikolo a m'mapulasitiki omwe amasokoneza mahomoni, poti mwati kusamba kwanu kwasokonekera, nkhawa yanu ndi yomveka ndithu. Makemikolo amenewa alipodi, si nkhambakamwa ayi. BPA imapezeka m'mabotolo ena olimba komanso mkati mwa zitini za zakudya, ndipo mayiko a European Union anailetsa m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Palinso ma phthalates omwe amafewetsa pulasitiki ndipo amapezekanso m'maperefyumu ena. Koma pa za tiyizo ndikuuzeni mosabisa, palibe tiyi amene anatsimikizika kuti amachotsa zimenezi m'thupi.

Chiwindi chanucho chimagwira kale ntchito imeneyo, BPA ikalowa chimaisintha kuti isungunuke ndiye impso zimaitulutsa mumkodzo, yambiri imakhala yatuluka pasanathe tsiku limodzi, ma phthalates nawonso sachedwa m'thupi. Vuto ndi loti mawa timalowetsanso ina, mkuja inanso. Zili ngati kukolopa m'nyumba mpopi uli chitsegulire. Makemikolo omwe amakhalitsa ngati DDT, mankhwala ophera tizilombo aja, amakakhala m'mafuta a m'thupi zaka ndi zaka ndipo olo mumwe tiyi ndowa yonse sawafikira kumeneko.

Ndiye yambani ndi kutseka mpopiwo. Tchipisi chotentha chongochoka pachiwaya kuthira mujumbo yopyapyala ija, mafuta nkumayenderera m'mbali, apo mpomwe makemikolo amalowa kwambiri chifukwa kutentha ndi mafuta ndi zomwe zimawatulutsa mupulasitiki. Ena amavundikira mpunga kapena mbatata pamoto ndi jumbo kuti zipse msanga, ena phala la mwana lotentha kuthira mukontena yakale yokandikakandika. Nanga zoyatsira mbaula ndi majumbo zija, utsi wakuda uja mukuupuma inu ndi mwana ali kumsana, chonde siyani, fufuzani mapepala kapena tinkhuni touma. Chakudya chotentha chiziikidwa m'mbale zachitsulo, zadothi kapena zagalasi basi.

Tiyi wake mutha kumwa, sindikuletsani. Jinja, lemon grass, chidede, zonsezi nzabwino pa mlingo wake ndipo bola zimenezi kusiyana ndi zakumwa zashuga wambiri zomwe zimadzadza mafuta m'chiwindi. Chidede chimatsitsako BP pang'ono ndiye ngati muli pa mankhwala a BP auzeni adokotala. Milk thistle, chitsamba chomwe anthu amachitama pa intanetiyo, kafukufuku wake sanasonyeze phindu lomveka bwino, komanso mphamvu yake yotchedwa silymarin sisungunuka bwino m'madzi ndiye mukapu ya tiyi mumalowa yochepa zedi. Chomwe kafukufuku wambiri amasonyeza kuti chimayenderana ndi chiwindi chathanzi ndi khofi wamba, mwina simumayembekezera.

Chomwe chimandiopsa ine ndi mabotolo osalembedwa kalikonse aja ogulitsidwa m'madepoti ndi pa WhatsApp, amati amatsuka thupi lonse, munthu ukamwa nkutsegula m'mimba usiku wonse iwo nkumati zoipa zikutuluka. Kumeneko nkutaya madzi m'thupi, si kutsuka. Zitsamba zina zimaononga chiwindi chomwecho, comfrey ndi chimodzi mwa izo, ndipo mapilisi a green tea amphamvu kwambiri aja anagonekapo anthu m'chipatala ndi chiwindi chotupa. Amene ali pa ma ARV asayerekeze kumwa chitsamba chotchedwa St John's wort chifukwa chimachepetsa mphamvu ya mankhwalawo m'magazi. Ngati muli oyembekezera, kapena mukumwa mankhwala a TB omwe amalemetsa kale chiwindi, musamwe zitsamba musanafunse kuchipatala.

Komanso kwathu kuno adani enieni a chiwindi timawadziwa. Chuku cha mumtedza ndi m'chimanga chosauma bwino chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin ndipo kuphika sikumupha, ndiye mtedza wofota, wakuda ndi wowawa uja musamaponye mumtondo kuti bola nsinjiro, tayani. Aflatoxin akakumana ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri, ndipo hepatitis B munthu amatha kukhala nayo zaka zambiri osamva kupweteka kulikonse. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda ku Malawi mu 2002, ndiye ife obadwa kale ambiri sitinabayidwe, kayezetseni magazi. Onjezani kachasu, likodzo kwa okhala m'mbali mwa nyanja, ndi kumwa Panado mopyola mlingo.

Pa za kusamba kwanuko musangoti ndi mapulasitiki. Zitha kukhala chithokomiro, PCOS (vuto la mahomoni lomwe limasokoneza kakhwimidwe ka mazira a amayi), jakisoni wakulera, kunenepa kapena kuonda mwadzidzidzi, ngakhalenso nkhawa, ndipo zambiri mwa izi zili ndi chithandizo chake. Lembani masiku amene mwakhala mukusamba miyezi yapitayi mupite nawo kuchipatala, ndipo mukaona maso achita chikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka kapena mimba ikutupa, musadikire mawa.