Ulusi umenewo musaukoke chonde

Asisi, mwati kamphaka kanu ka miyezi 7 kamatafuna mapulasitiki a buledi, timalastiki tomangira tsitsi ndi mesh yolukira ana, ndiye m'mawa uno mwaona kaulusi kakulendewera kumbuyo kwake, mukufunsa ngati mungakakoke kapena kumumwetsa saladi, mafuta ophikira aja, kuti katereke. Ndaona ena akuti kokani chabe, ena akuti mpatseni madzi a mchere asanze, winanso akuti mphakayo ngotumidwa mumutaye kutali. Ndiyamba ndi za ulusizo chifukwa ndi zomwe sizidikira mawa.

Musakoke, olo pang'ono. Ngati ndi wautali ukukwekwereka pansi, tengani sizasi mudule pafupi ndi thupi kuti asakole nawo pa mpando, basi, kenako mupite naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe. Lilime la mphaka lili ndi timinga toyang'ana kummero, n'chifukwa chake akakunyambitani dzanja mumamva kukhakhala ngati stiliwulu, ndiye ulusi ukangolowa mkamwa sangathe kuulavula, akamavutika kuti autulutse ndi pomwe akuumezera. Choipa chake nchakuti nsonga imodzi imatha kukola pansi pa lilime kapena potulukira chifu, inayo nkupitirira m'matumbo, manje matumbo ntchito yake nkukankha, akamakankha ulusi wosayenda amayamba kukwinyika ngati katani ya pawindo mukaikokera mbali imodzi pa waya. Ulusi wokungika uja umacheka, mukudziwa mmene timadulira sopo wamtali ndi ulusi tikasowa mpeni, ndi zomwezo zimachitika mkatimo. Inu kukoka panja ndiye kuti mwagwira mpeniwo ndi dzanja lanu. Matumbo akabowoka zoipa zija zimatayikira m'mimba ndipo apo mphaka sachedwa kufa.

Zinandionekera ine ndili ku Chelstone, mu Lusaka muno. Mukudziwa kaulusi koyera kosokera kukamwa kwa thumba la unga la 25kg, kaja mukakapeza bwino kamasosoka konse kamodzinkamodzi? Mdzukulu wanga anakataya pansi pambali pa beseni lomwe timachotserapo mitu ya kapenta, kanatenga fungo, mphaka wanga Kambuku nkukameza ife osaona. Tsiku loyamba anasanza kawiri ndinati wadya khoswe woipa. Lachiwiri anakana chakudya, anangokhala kunsi kwa bedi atapinda miyendo msana uli chokwera, kumugwira pamimba analira kulira kwina kwake komwe sindinamvepo. Pofika kwa dokotala, anamugoneka ndi jekeseni nkukweza lilime, kundiitana kuti amayi taonani, ulusi uli zenene pansi pa lilime utalowa kale mu mnofu ngati waya pa mtengo. Anamuchita opareshoni, matumbo anatsegula malo atatu kuti auchotse m'zidutswa. Ndalama yomwe inapita ndi ya renti, alandilodi ndinawapepesa mpaka pakati pa mwezi, koma adokotala anandiuza kuti ndikanagona nayenso tsiku lina bwenzi tikukumba kadzenje kuseri kwa nyumba. Alipo mpaka lero, wanenepa ngati bwana, koma thumba la unga ndimatsegula ndekha ndipo ulusi wake umapita pa mbaula.

Ndiye zizindikiro zoti musachedwe nazo ndi zimenezo, kusanza mobwereza, kukana kudya tsiku lathunthu, kubisala, kufooka, dovu kumangotuluka, kudzikanda kukamwa, kukhala pa mchenga nkumakankha koma osatuluka kanthu. Koma inu mwauona kale ulusiwo ndi maso, sikoyenera kudikira kuti ayambe kusanza. Ku yunivesiti ya UNZA pa Great East Road kuli sukulu ya madokotala a ziweto ndipo ali ndi kiliniki yoona agalu ndi amphaka, mtauni munonso ma vet a private alipo, imbani foni kaye mufunse mtengo woonana ndi dokotala kuti musakadzidzimuke. Mutenge kachidutswa ka mesh kapena ulusi womwe mukuganiza kuti ndi umene wameza mukawaonetse, chifukwa ulusi ndi pulasitiki nthawi zambiri sizioneka bwino pa X-ray ngati mmene imaonekera singano, ndiye amadalira zomwe inu mwawauza, kukhudza pamimba ndi sikani. Ngati pali mpata woti ulusiwo unali ndi singano munene msanga.

Za mchere zija ayi. Palibe njira yabwino yosanzitsira mphaka kunyumba, mchere wambiri ndi poizoni kwa iye, ndipo chinthu chachitali chikamabwerera kummero chimavulazanso. Saladi womumwetsa mokakamiza amatha kulowera kumapapo nkuyambitsa chibayo. Chomwe ndikupemphani kwambiri, musamupatse Panado poti akumva kuwawa, chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol ngati chathu, piritsi limodzi lokha la 500mg limapha, nkhama zimasanduka zabulauni nkhope nkutupa. Anthu ambiri apha amphaka awo ndi chifundo chomwechi.

Manje chifukwa chomwe amadyera zinthuzi, khalidwe lodya zinthu zosadyedwali madokotala amati pica, ndipo si ufiti abale, mphaka wotumidwa angabwere kudzadya lastiki ya tsitsi? Kwa ambiri nkhani imayambira kuubwana. Kuno timakonda kugawana tiana ta mphaka tili ndi mwezi umodzi, munthu wangokaika mu katoni wakupatsa, pomwe kamayenera kukhala ndi make masabata 8 kuchepa kwake, 12 ndiye bwino. Kochotsedwa msanga kuja kamakula kakuyamwa bulangeti, juzi, ngakhale khutu la mwana akagona, kwinaku kakupondaponda ndi timanja, ndipo ena kuyamwako kumadzasanduka kutafuna ndi kumeza. Amphaka a mtundu wa Siamese ndi Burmese amadziwika nalo khalidweli kuposa anzawo. Komanso wanuyo wangomaliza kumene kusintha mano, amagwa ndi kumera ena kuyambira miyezi 3 mpaka 6, nthawi imeneyo nkhama zimayabwa ndiye chilichonse chofewa amafuna kuluma.

China ndi magazi ochepa. Mukaona mphaka akudya mchenga wa mu bokosi lake, dothi, kapena kumangonyambita simenti ndi khoma, muganize zimenezo, sizisiyana kwenikweni ndi ife azimayi tikakhala ndi pakati kumakagula dothi ku msika wa Soweto, kuchipatala amayamba nkukuyeza magazi. Mukwezeni mlomo muone nkhama, zikhale zapinki, zikakhala zotuwa ngati pepala pali vuto. Zomwe zimamaliza magazi kawirikawiri ndi utitiri ndi njoka za m'mimba, mphaka wotuluka panja komanso wogwira makoswe azilandira mankhwala a njoka miyezi 3 iliyonse. Koma mankhwala a utitiri mugule olembedwa kuti nga amphaka, a agalu ambiri ali ndi permethrin yemwe amagwetsa mphaka nkumanjenjemera ngati wakhunyu, dibi ya ng'ombe ayi, kumupopera Doom ayinso, ndinaonapo neba akuchita zimenezo mtima unandiwawa.

Chakudya nachonso tiunikepo. Ndikudziwa zinthu zadula, koma mphaka si galu, nsima yonyika mu supu sizimukwanira, thupi lake linapangidwira nyama ndipo pali chinthu china chotchedwa taurine chomwe amachipeza mu nyama ndi nsomba basi, chikasowa maso ndi mtima zimaonongeka. Supu yathuyonso ili ndi anyezi, ndipo anyezi ndi adyo zimaphwanya magazi a mphaka, ndiye mukhoza kumamuchepetsa magazi nokha tsiku ndi tsiku osadziwa. Kapenta mutanyika kuti mchere uchoke, dzira lophika, mitima ndi nthutumba za nkhuku, zimenezo sizodula maningi. Wanjala ndiye amatafuna pulasitiki yomwe munatengera nyama ku butchala, kwa iye ndi nyama ndithu chifukwa fungo ndi lomwelo, mapulasitiki otere azipita mu bini yotseka osati kupachika pa chitseko cha kukhitchini.

Ndiye pali kutopa nkukhala chabe. Mwati mumachoka m'mawa kubwera usiku iye ali yekha mu flat, nyama yosaka imeneyo, ipanga chiyani tsiku lonse? Lastiki ikamadumpha pa tailosi kwa iye ndi buluzi. Muzisewera naye olo mphindi 10 m'mawa ndi madzulo mpaka atope, mpatseni katoni, chitsononkho, kampira kakakulu koti sangameze, ndipo ngati mukusewera naye ndi chingwe mukamaliza chibiseni mu drowa. Udzu wokha musamuletse, amphaka amadya udzu mwachibadwa, mutha kudzala kaudzu mu chitini pa windo, bola maluwa aja a lily asalowe mnyumba chifukwa amapha impso za mphaka ngakhale atangonyambita ufa wake. Kumumenya sikuthandiza, amangophunzira kudyera kunsi kwa bedi komwe simukumuona.

Kunena zoona khalidweli ena salisiyiratu, Kambuku mpaka lero akaona lastiki maso amachita kutuluka, ndiye amene anasintha ndine. Tsiku loluka ana timamutsekera kuchipinda mpaka titasesa mesh yonse, neti yong'ambika ndimasoka tsiku lomwelo isanayambe kusosoka, machaja ndimazula pa soketi, poti ndi malaiti athu omapita nkubwera osalawirawa akhoza kumatafuna waya mumdima magetsi nkubwera waya uli mkamwa.

Pomunyamula lero musamugwire m'manja kapena kumukulunga chitenje, akangomva hutala ya minibasi adzakukandani nkuthawa ndipo simudzamupezanso. Muikeni mu basiketi yotseka kapena katoni yolimba yoboola timabowo, mumange ndi chingwe kunja, ndipo musamupatse chakudya musananyamuke mwina angafunike kumugoneka. Mukabwerako mutiuze zomwe apeza.