Mowa wanu woyamba ukhale wa chimera chimodzi ndi hops mtundu umodzi

Wowerenga wina wa ku Johannesburg wandilembera imelo. Wakhala akufulula mowa kunyumba ndi mapaketi osakaniziratu, tsopano akufuna kudzipangira resipi yakeyake. Akufunsanso ngati angathiremo chimera cha mawere chochokera kumudzi.

Achimwene, poyamba pepukani dzanja. Gwiritsani ntchito chimera cha balere cha mtundu umodzi ndi hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) mtundu umodzi basi. Mukaunjika mitundu isanu, mowa ukakoma simudziwa chaukometsa, ukaipa simudziwanso choti muchotse.

Pa malita 20, tengani makilogalamu 4.5 a chimera chomwe ogulitsa amati pale malt, muchiviike m'madzi otentha, chisakanizocho chikhale pa madigiri 66 Celsius kwa ola limodzi. Kutentha kumeneku musakupeputse ayi. Pa madigiri 63 mumatuluka shuga wambiri woti yisiti adye, mowa umakhala wopepuka pakamwa. Pa 69 shuga wina amatsala, mowa umalemera ndi kutsekemera pang'ono. Hydrometer, kachipangizo koyezera shuga m'madziwo, ikawerenga pafupifupi 1.048 musanathire yisiti, n'kutsikira pa 1.010 pomaliza, mphamvu yake ili cha m'ma 5 peresenti.

Za hops muli ndi mwayi, chifukwa amalimidwa konko ku South Africa, kufupi ndi tauni ya George. Hops otchedwa African Queen kapena Southern Passion ndi abwino kuyambira. Mukasefa madzi a chimera aja n'kuwaika pamoto, hops owira kwa mphindi 60 amapereka kuwawa, othira m'mphindi 5 zomaliza amapereka fungo. Onani alpha acid, chomwe chimabweretsa kuwawako, papaketi: akakhala a 12 peresenti, magalamu 25 akwanira kuwawitsa, ena 25 musungire kumapeto.

Koma chomwe chimaononga mowa wa anthu ambiri si resipi, ndi kutentha pamene yisiti akugwira ntchito. Yisiti wa ale, mtundu wa mowa womwe mukufululawu, amafuna madigiri 18 mpaka 20. Mukasiya chidebe m'galaja yotentha mu Disembala, mowa umanunkha ngati mankhwala osungunulira penti ndipo umapweteka mutu. Ngati mulibe pozizira, funani kveik, yisiti wa alimi a ku Norway, amene amapirira ngakhale madigiri 35.

Tsono za mawere. Ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, koma zidikire ulendo wachiwiri, mutadziwa kakomedwe ka balere payekha. Chimera cha mawere kapena cha mapira chilibe mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga ngati ya balere, komanso chilibe makoko othandiza posefa, ndiye chikachuluka madzi amakana kutsika. Musapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu. Chiphikeni kaye phala, monga amachitira amayi pokonza thobwa, chizizireko, kenako muchisakanize ndi balere kuti iye amalize ntchito. Zina zonse zisiyeni momwe zinalili paulendo woyamba, ndipo sungani botolo limodzi la mowa woyambawo kuti mudzalawe awiriwo pamodzi.