Funsani Dokotala: Ng'oma yasiya kundikomera, kodi ndi chiyambi cha misala?

A Dokotala, ndili ndi zaka 47 ndipo ndimakhala ku Chawama. Ndimaimba ng'oma pa maukwati, pa chinamwali ndi pa miyambo ina, ndipo kale sindinkaphonya Kulamba ku Katete. Masiku ano anthu akuitana DJ, ntchito yachepa, ndipo ndili ndi ngongole ya kaloba. Kwa miyezi inayi ndimadzuka pakati pa usiku mtima ukugunda, tulo osabweranso. Ng'oma yasiya kundikomera. Ndisanaimbe ndimamwa kachasu kuti manja asanjenjemere, usiku ndimamwa Valium wogula pa kantemba. Anzanga akuti woimba ng'oma sangaimbe mowa usanalowe m'thupi. Kodi ndayamba misala?
Woimba ng'oma, Chawama

Bambo, chimene chikukudyani mumtima chili pa mzere womaliza, ndiye ndiyambire pomwepo. Zimene mwafotokozazi sizikuoneka ngati misala. Kusowa tulo, kutopa, ndi kusiya kukondwa ndi chinthu chimene mwachikonda moyo wonse, zikapitirira masabata awiri timaganizira matenda a maganizo otchedwa depression. Inu mwatha nazo miyezi inayi. Matendawa amachizika, ndipo ambiri amachira akugona kunyumba kwawo. Ntchito yanu imawaitana mosavuta: ndalama zimabwera nyengo ya maukwati yokha, mumachezera usiku wonse kukondweretsa ena, m'mawa n'kubwerera nokha ndi ng'oma pamutu, wa kaloba ali pakhomo.

Koma za anzanuzo sindingazisiye. Chimene chimafuna moto ndi chikopa cha ng'oma, ndiye mumachiwamba kuti chikungike. Manja anu safuna kachasu. Mowa umagonetsa mitsempha, ndipo thupi likauzolowera limadzikunga lokha kuti lilimbane nawo. Ukangotha m'magazi, patapita maola 6 mpaka 24, thupi limatsala lokungika: manja kunjenjemera, thukuta, mtima kuthamanga. Mukamwanso zimaleka kwa maola ochepa, ndiye mumati mowa wandichiza, chonsecho ndi womwewo wabweretsa kunjenjemerako. Tulo nato n'chimodzimodzi. Kachasu amakugwetsani msanga koma amakudzutsani patapita maola atatu kapena anayi. Pabwalo napo mowa umachedwetsa dzanja. Woimba mbalule, ng'oma yotsogolera gule, amayenera kuona phazi la wovina n'kuliyankha nthawi yomweyo, ndipo woledzera amatsalira ngakhale iye akudzimva kuti akuimba bwino.

Pa Valium ndikudzudzuleni pang'ono, bambo. Mankhwalawa, omwe dzina lake lina ndi diazepam, sayenera kugulidwa ngati maswiti. Thupi limayamba kuwadalira pakangopita masabata ochepa, ndipo akakumana ndi mowa amatha kuchepetsa kupuma munthu ali mtulo, osadzukanso. Miyezi inayiyi mukanabwera kuchipatala, bwenzi pano tikukamba zina.

Komabe musasiye zonse ziwiri mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Munthu womwa tsiku lililonse akadukiza lero ndi lero amatha kukomoka ngati wa khunyu m'masiku awiri oyamba, kapena kusokonezeka n'kumaona zinthu zoti palibe pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Zimenezi zikachitika, achibale athamange nanu ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka, kapena chipatala chapafupi nthawi yomweyo.

Sabata ino pitani ku Chawama First Level Hospital, m'mawa, muli ndi amayi a kunyumba kapena m'bale amene amaona mmene mukugonera. Tengani mapaketi a mapiritsi onse. Nenani zoona: mabotolo angati pa tsiku, mumayamba nthawi yanji, mapiritsi angati usiku. Mukachepetsa chiwerengero chifukwa cha manyazi, mlingo wa mankhwala okuthandizani kusiya udzalakwika. Adzakuyezani BP, shuga ndi magazi, chifukwa matenda ena a m'thupi amabweretsa kutopa kofananako. Ngati m'makutu mumalira phokoso losatha, nenani, popeza zimachitika kwa oimba ng'oma ndipo zimasokoneza tulo.

Adzakufunsaninso ngati munaganizapo zodzipha. Yankhani mosabisa. Ngati maganizowo alipo, musadikire sabata: pitani lero, uzani munthu mmodzi womukhulupirira, ndipo mapiritsi, mankhwala a makoswe ndi a m'dimba achoke m'nyumba.

Chithandizo chimakhala uphungu, kuchepetsa Valium pang'onopang'ono motsatira dokotala, ndipo mwina mankhwala a depression monga fluoxetine, amene nthawi zambiri amayambira pa 20 mg m'mawa. Sagwira tsiku lomwelo. Kusintha kumayamba kuoneka patapita masabata awiri mpaka anayi, ndipo masiku oyamba mutha kumva nseru kapena mutu. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amasiya sabata yoyamba akuti sakugwira, kapena mwezi wachiwiri akuti ndachira. Muyenera kupitiriza miyezi isanu ndi umodzi mutayamba kupeza bwino. Mankhwalawa sachotsa luso m'manja.

Akakulemberani kalata yopita ku chipatala cha Chainama Hills, pa Great East Road, musaope dzinalo. Kuli madokotala a maganizo amene amaona anthu n'kuwabweza kwawo tsiku lomwelo. Funsani tsiku lobwereranso musanatuluke m'chipinda, ndipo lisagundane ndi m'mawa wa tsiku limene mwachezera pa ukwati.