Sapu ziwiri, tulo kulibe: kodi ndingosiya sukulu?

Mphwanga wina wa chaka chachitatu ku yunivesite wanditumizira imelo. Akuti semesita yapitayi wagwa maphunziro awiri ndipo akudikira sapu (mayeso obwereza a maphunziro amene wagwawo), watha mwezi osagona bwino, akawerenga palibe chikulowa m'mutu. Akufunsa ngati kuli bwino angosiya, poti ndi magiredi oterewa ntchito sadzaipeza.

Usasiye, mphwanga. Koma funso lakoli landipweteka mtima, chifukwa ophunzira ambiri ku UNIMA, MUBAS, Bunda kapena Mzuni amayamba kuyankhula akachotsedwa kale sukulu. Amalowa m'holo ya mayeso ali odwala, n'kulemba zimene akumbukira, kenaka kalata yowachotsa imatuluka. Pamenepo m'pamene makolo kumudzi amamva kuti mwana wawo wakhala akuvutika maganizo miyezi ingapo.

Zimene ukufotokozazi si ulesi. Munthu akakhala wokhumudwa, osasangalalanso ndi zimene ankazikonda, kudya ndi kugona kutasokonekera kwa milungu iwiri kapena kupitirira, madokotala amayamba kuganizira matenda a depression. Matendawa amafooketsa luso loika maganizo pa chinthu chimodzi. Kusagona kumawonjezera vutolo, chifukwa nthawi ya tulo ndi imene ubongo umasunga zimene waphunzira masana. Ndiye ukachezera ku laibulale mpaka m'bandakucha ndi khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, ukuthira madzi m'dengu. Mawa lake uwerenganso tsamba lomwelo.

Ndipo tisanamizane, gwero la nkhawa za ophunzira ambiri ndi ndalama. Ngongole ya HESLGB, bodi ya boma yobwereketsa ndalama kwa ophunzira, siifikira aliyense, lendi ya kachipinda ku Chikanda ku Zomba kapena ku Chitawira ku Blantyre imafunika mwezi ndi mwezi, wina akudya kamodzi patsiku. Ena amati apeze ya ndiwo pobetcha pa foni, n'kuluza ndi ya lendi yomwe. Ena amathawira ku chamba, chomwe kwa achinyamata ena chimayambitsa misala yeniyeni. Amene amauza mwana wotere kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" akulakwa, ndipo ine sindidzasiya kunena zimenezi. Pemphero ndi labwino, koma lisalowe m'malo mwa chipatala.

Za ntchito: inde, digiri yokhoza bwino imathandiza pofuna sikolashipu ya masters. Koma zotsatsa ntchito zambiri m'nyuzipepala zimafuna digiri ndi luso, sizifunsa kuti unalemba sapu zingati. Chimene chimatseka khomo ndi kusamaliza.

Zoti uchite sabata ino

Pita ku kiliniki ya pasukulu kapena ku chipatala cha boma, ufotokoze zonse monga wandilembera ine, ndipo upemphe kalata ya dokotala. Kalatayo upite nayo ku ofesi ya Dean of Students (mkulu woona za umoyo wa ophunzira) ndi kwa mkulu wa dipatimenti yako mayeso asanafike, ufunse za kuimitsa mayeso kapena semesita pa zifukwa za matenda. Apa m'pamene ambiri amaphonya: kalata yobwera zotsatira zitatuluka imavuta kuimvera. Sunga fotokope ya chilichonse chimene wapereka.

Akakupatsa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwa kuti amatenga milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi, kuti uyambe kuona kusintha. Ukayamba kupeza bwino usawasiye wekha, matenda amabwerera. Amitriptyline amabweretsa tulo, choncho amamwedwa usiku. Khofi usiye ikangokwana 2 koloko masana, ndipo uzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale usiku unagona pang'ono.

Ngati maganizo odzipha akubwera, usadikire mawa. Uza mnzako wa m'chipinda kapena m'bale wako lero lomwe, akuperekeze ku chipatala. Ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ndipo ku Blantyre pa Queens amaonanso odwala matenda a maganizo.