Za masitampa a bwato amene mwawapeza m'sutikesi ya malemu bambo

Achimwene, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Mwafunsa za masitampa awiri ofanana amene ali pa envulopu ija mwaipeza m'sutikesi mwawo, olembedwa kuti Hawaii Statehood 1959-1984 ndi 20c, okhala ndi bwato, mbalame ndi phiri, ndipo mukufuna kudziwa ngati angagulitsike. Ndisanapite patali, chonde musawamatule kapena kuwaviika m'madzi. Asiyeni pa envulopu pomwepo.

Za ndalama ndisakunamizeni, palibe chuma pamenepa. Sitampa imeneyi anaisindikiza mamiliyoni ambiri chifukwa masenti 20 ndiwo unali mtengo wa kalata wamba mkati mwa America nthawi imeneyo. Kalata ya pandege yobwera kutali ngati kuno inali masenti 40, n'chifukwa chake wotumizayo anamata awiri. Osonkhanitsa masitampa amaigula ndi timasenti basi. Wina akabwera ku inbox n'kumakulonjezani madola ochuluka, koma muyambe mwamutumizira kangachepe, ameneyo ndi wakuba.

Koma chithunzicho ndiye chili ndi nkhani, ndipo ine sitampa imeneyi ndimaikonda kwambiri.

Inatuluka ku Honolulu, likulu la zilumba za Hawaii, pa 12 Malichi 1984, pokumbukira zaka 25 chilowereni Hawaii m'gulu la zigawo za United States. Tsikulo analisankha chifukwa pa 12 Malichi 1959 ndi pamene aphungu a ku Washington anamaliza kuvomereza lamulolo. Hawaii inakhala chigawo cha nambala 50 pa 21 Ogasiti chaka chomwecho, Eisenhower ali pulezidenti.

Tayang'anitsitsani bwatolo. Ndi mabwato awiri omangidwa pamodzi, okhala ndi matanga, ngati amene makolo a anthu a ku Polynesia anawolokera nawo nyanja ya Pacific mpaka kupeza zilumbazi, kalekale azungu asanafike. Amene anajambula ndi Herb Kawainui Kāne, amene bambo ake anali mbadwa ya ku Hawaii. Munthuyu sanathere pojambula pokha ayi. Mu 1973 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Polynesian Voyaging Society, nakonza bwato lenileni lotchedwa Hōkūleʻa, limene mu 1976 linayenda kuchoka ku Hawaii kukafika ku Tahiti popanda kampasi. Wotsogolera ulendowo, Mau Piailug, ankawerenga nyenyezi ndi mafunde. Nthawi imeneyo kunali ophunzira ena amene ankati makolo aja anafika pazilumbazi mwangozi, atangotengedwa ndi mphepo. Ulendo wa ku Tahiti unasonyeza kuti anali akatswiri odziwa kumene akupita.

Mbalameyo kwawoko amati kōlea. Imaswa ku Alaska, kenako n'kuuluka makilomita pafupifupi 4,800 pamwamba pa nyanja kwa masiku atatu kapena anayi osatera paliponse. Ambiri amakhulupirira kuti amalinyero akale ataiona ikudutsa chaka ndi chaka anadziwa kuti kumpoto kuli mtunda. Phirilo ndi Mauna Loa, ndipo chodabwitsa n'chakuti patangopita masiku 13 sitampa itatuluka, pa 25 Malichi, linaphulikadi. Chiphalaphala chake chinatsala makilomita osakwana 10 kuti chifike mutauni ya Hilo.

Chimene chimandikhudza n'chakuti pa sitampa yokondwerera boma la America, Kāne sanajambulepo mbendera kapena nyumba ya boma. Anajambula eni nthaka akufika. Pajatu Hawaii unali ufumu wodziimira pawokha. Pa 17 Januwale 1893 gulu la azungu, ambiri mwa iwo amalonda ndi eni minda ya nzimbe, linalanda boma la Mfumukazi Liliʻuokalani asilikali a America atatsika kale m'sitima yawo yankhondo, ndipo mu 1898 America inatenga zilumbazo. Pavoti ya mu Juni 1959 anthu oposa 90 pa 100 alionse anavomera kukhala chigawo, koma pa pepala lovotera panalibe posankha ufulu wodzilamulira. Mu 1993 boma la America linapepesa mwalamulo chifukwa cha zija za 1893, Bill Clinton n'kusaina. Mpaka lero mbadwa zina tsiku la 21 Ogasiti sizilikondwerera, ndipo ine sindiziimba mlandu.

Masitampa a ku Hawaii amene ali a ndalama zoopsa ndi amene ufumuwo unatulutsa wokha mu 1851, otchedwa Missionaries chifukwa ambiri anapezeka pa makalata a amishonale. Otsala ndi owerengeka.

Envulopu yanuyo muiike m'buku kapena mufayilo pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi chiswe, ndipo selotepu isayandikire. Ngati mungathe, jambulani chidindo cha positi ofesi chija chili pamwamba pa masitampawo mutitumizire muno, mutaphimba maina ndi keyala. Pamenepo pali tauni ndi tsiku limene kalatayo inanyamuka, mwina amayi kapena amalume angakumbukire amene ankalemberana ndi bambo chaka chimenecho.