Ndege ikamagwedezeka m'mwamba, kodi ikufuna kugwa?

FUNSO: Mu Okutobala ndinakwera ndege koyamba, kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Johannesburg kukaona mwana wanga. Titangonyamuka masana, ndege inayamba kudumphadumpha, kenako inatsika mwadzidzidzi, mtima wanga n'kuti myuu. Chondidabwitsa n'chakuti atsikana ogwira ntchito m'ndegemo analibe nazo ntchito. Ndibwerera kumudzi mu Disembala koma tulo sindikuona. Kodi ndege ikhoza kugwa chifukwa cha zimenezi?
Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Pepani mayi, mantha amenewo amagwira ngakhale anthu amene anazolowera kuuluka. Koma mtima ukhale m'malo, ndegeyo sinali pangozi.

Mu Okutobala dzuwa likaotcha nthaka, mpweya wotentha umakwera mwamphamvu ndipo wozizira umatsika pambali pake. Ndi mpweya womwewo umene umanyamula kabawi n'kumazungulira m'mwamba osakupiza mapiko. Ndege ikamadutsa m'malo otere imakankhidwira m'mwamba, kenako pansi, makamaka ikamakwera kapena kutera masana. Mu Disembala mudzakumana ndi china, mitambo ikuluikulu ya mvula ya mabingu. Imeneyi oyendetsa ndege amaiona pa radar, makina oonetsa mitambo ya mvula ili patali, ndipo amailambalala. Mphepo ikawomba mapiri aatali ngati a Drakensberg a ku South Africa imasokonezanso mpweya mpaka kutali m'mwamba.

Kugwedezeka kovuta ndi kumene kumabwera kunja kuli mbee, pafupi ndi mikwasa ya mphepo yothamanga kwambiri imene imawomba m'mwamba momwe ndege zikuluzikulu zimadutsa. Radar sikuona, choncho woyendetsa amadalira alosi a zanyengo ndi uthenga wa anzake amene adutsa pamalopo. Mu 2023 akatswiri a payunivesite ya Reading ku Britain anapeza kuti pamwamba pa nyanja ya North Atlantic, kugwedezeka kwamphamvu kwa mtundu umenewu kunawonjezeka ndi 55 peresenti pakati pa 1979 ndi 2020, ndipo akuloza chala kusintha kwa nyengo.

Sindikubisirani, kale ndege zinathyokapo. Pa 5 Malichi 1966 ndege ya BOAC ya mtundu wa Boeing 707 inaduka m'mwamba pafupi ndi phiri la Fuji ku Japan, ndipo anthu onse 124 anamwalira. Masiku ano mapiko a ndege yatsopano amayesedwa powapinda ndi mphamvu yoposa ndi theka imene angakumane nayo pa moyo wake wonse. Mukaona phiko likuwerama pawindo, dziwani kuti analipanga kuti liziwerama.

Nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya pa 21 Meyi 2024. Ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inagwedezeka koopsa ili pamwamba pa Myanmar, nthawi imene anthu ankalandira chakudya cham'mawa. Inatsika pafupifupi mamita 54 m'masekondi osakwana 5. Amene sanamange lamba ananyamuka m'mipando n'kukagunda mitu kudenga. Bambo wina wa zaka 73 anamwalira, ndipo anthu ambiri anavulala, ena msana ndi khosi. Koma ndegeyo inakatera bwinobwino ku Bangkok. Zimandiwawa kuti ambiri mwa ovulalawo akanapulumutsidwa ndi kalamba kamene ena amakamasula nyali yochenjeza anthu kumanga lamba ikangozima.

Choncho mayi, lamba akhale womanga nthawi yonse imene muli pampando, ngakhale mukugona, ndipo agwire m'chiuno osati pamimba. Ngati mwafunda bulangeti, lambayo adutse pamwamba kuti ogwira ntchito amuone. Nyali ya lamba ikayaka muli kuchimbudzi, bwererani msanga. Chikwama chikhale pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu kapena m'kabati ya pamwamba, ndipo akasiya kugawa tiyi musadandaule, akuopa kuti angakupsereni.

Muuzeni mwana wanu kuti pogula tikiti akusankhireni ndege ya m'mawa ngati ilipo, chifukwa nthaka imakhala isanatenthe ndipo mitambo ya mabingu nthawi zambiri imakula masana. Mpando ukhale wa pafupi ndi mapiko, kumbuyo kwenikweni ndiye kumagwedezeka kwambiri. Mukamalowa, auzeni atsikana aja kuti mumachita mantha, azikuzondani m'njira.