Si chinamwali chokha chimene chimathetsa ubwana

Achemwali, mwafunsa ngati chinamwali ndicho chimalanda ana athu ubwana. Ine ndikuti ayi, ambiri umawathera asanaonane ndi anamkungwi.

Pitani m'midzi ya ku Katete kapena Chadiza, kum'mawa kwa Zambia. Mudzapeza kamnyamata koyenera kukhala mu Giredi 3 kali kudambo ndi chikwapu, mapazi ong'ambika ndi chisanu cha mu Juni, kakuweta ng'ombe za eni. Pangano lake n'lakuti akaweta zaka zingapo adzapatsidwa ng'ombe imodzi, ndipo kawirikawiri imakalowa m'khola la makolo. Mwana wotere amadziwa msanga kuti ng'ombe ikadya chimanga cha mwini, mkwapulo ndi wake. Anzake akuphunzira kuwerenga, iye akuphunzira mantha. Zimandiwawa kwambiri chifukwa timazitcha kulimbikira.

Kwa atsikana, nthawi zambiri ndi maliro. Mayi akangoikidwa m'manda, mawa lake mwana wamkulu ndiye wotunga madzi, wophika nsima, wobereka mng'ono wake kumbuyo. Tinaziona zambiri m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inasesa makolo.

Chinamwali chimalakwa pamene mwana wauzidwa za m'nyumba akadali wa sukulu, achibale n'kuyamba kuwerengera malowolo. Pamenepo ndikugwirizana nanu. Koma dziwani kuti kuyambira mu 2023 lamulo la Zambia limakana ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Komanso kuyambira mu 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Ngati pali mwana amene mukumudera nkhawa, yambani kwa anyakwawa ndi aphunzitsi aakulu, akazengereza pitani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.